Mozaiko pa Bwinja la Kwathu

Ntchito yoyala mozaiko ndinaiphunzira pa bwinja la mudzi wathu womwe, m'zaka za m'ma 1950, ndisanasamukire ku Tete. Masiku amenewo kwathu kunalibe amene ankalidziwa dzinali. Anthu ataona timiyala ta simentu ta ngodya zinayi, tofiira ndi toyera, tikutsitsidwa pa kamyau, galimoto la katundu, m'makaishoti, mabokosi a matabwa odzaza udzu, anangotitcha mapale a azungu. Ifenso a ntchitoyo tinkangoti mapale.

Mudzi wathu wakale unali m'mbali mwa msewu wochokera ku Chifunde kupita ku Mualadzi. Anthu anasamukapo ine ndikukwawa, chifukwa nthaka inali itatopa ndipo asipayu, apolisi a boma la azungu, ankapondapo pafupipafupi. Anakamanga tsidya lina la mtsinje kumene galimoto silikanafika. Pa bwinjapo panatsala mitengo ya mango, nsatsi zomera zokha, ndi mvunguti umodzi waukulu chakumapeto, pafupi ndi chulu. Bambo anga anapita ku migodi ya ku Rodeziya ndikadali kumsana, ndipo sanabwererenso. Ndinakula ndi mayi anga, mwana mmodzi yekha, ndipo sindinafunsepo kuti zinatheka bwanji.

Nditakula, a ku posito, ofesi ya boma, anapereka malowo kwa mzungu wina wamalonda. Anamangapo kantina ya malata, akumagula chimanga ndi mtedza, akumagulitsa mchere, nsalu ndi makasu. Anali munthu wowonda, wosakonda kuseka, wolankhula Chinyanja chopotoka, ndipo aliyense, ngakhale nkhalamba, ankamuti iwe. Malonda atamuyendera anayamba kumanga nyumba ya njerwa kuseri kwa kantinayo, chifukwa mkazi wake ankayembekezeka kubwera kuchokera kwawo kutsidya la nyanja. Ankafuna kuti dona wakeyo asadzaponde dothi.

Chaka chomwecho atsibweni anga, mlongo wawo wa mayi, anabwerako ku Beira kumene anakhala zaka zambiri. Anabwera ndi bokosi la zida, chifuwa chosatha, ndi mawondo olimba ngati a mbuzi. Inali nthawi imene asipayu ankayendayenda m'midzi kulemba anyamata a chibalo cha msewu, ndipo ine ndinali nditamera kale ndevu. Amene anali pa ntchito ya mzungu sankagwidwa. Atsibweni atamva kuti mwini kantina akufuna mmisiri, anapita nane n'kukanena kuti, "Patarau," ndiko kuti bwana, "ine ndi mphwangayu tiyala nyumba yonse." Mzunguyo anandiyang'ana manja n'kuvomera.

Madzulo nditawauza mayi, sanakondwere monga ndinkayembekezera. Anali akusenda nandolo, ndipo anasiya.

"Nyumbayo ali kuimanga pati?"

"Kuseri kwa kantina, pafupi ndi msewu."

"Pafupi ndi msewu," anabwereza. Kenaka anati, "Chabwino. Kusiyana n'kuti akutenge asipayu."

Ntchito yanga yoyamba inali kuviika mapale mu mgolo wa madzi. Ukaliponyamo louma linkalira kuti tsiii, thovu likukwera ngati mowa ukamawira, ndipo sunkayenera kulivuula lisanatonthole. "Phale la ludzu limamwa madzi onse a kunsi kwake, kenaka limakana kugwira," anatero atsibweni. Ndinkasefa mchenga, kutunga madzi kumtsinje amayi akundiseka, ndi kukanda masa, phala lija la simentu ndi mchenga limene phale limakhalapo. Simentu inandidya zala mpaka zinang'ambika, moti khasu silinkagwirika. Atsibweni ankathyola nsatsi za pa bwinja pomwepo, n'kukazinga, n'kusinja, n'kundipatsa mafuta ake kuti ndizidzola ndikaweruka.

Sanali munthu wophunzitsa ndi mawu ambiri. Ankakoka zingwe ziwiri zopingasana pakati pa chipinda, n'kuyamba kuyala kuchokera pamene zakumanirana kupita kumakoma. Ine ndinkadabwa, poti munthu akamazira nyumba amayambira kukhoma n'kutulukira pakhomo. Iwo anati khoma limanama, chingwe sichinama. Anali ndi kolyere, chipande chachitsulo chotapira masa, chimene chinali chitatha mbali imodzi chifukwa cha dzanja lawo. Analinso ndi nivelu, kathabwa kokhala ndi dontho la madzi m'kagalasi, ndipo dontholo likathawira mbali imodzi ndiye kuti pansi papendekeka. Atandilola kuyala phale langa loyamba, analiyang'ana, analizula, n'kundibwezera m'manja. Anachita zimenezo tsiku lonse. Tsiku lotsatira anasiya limodzi lili pomwepo, ndipo ndinapita kunyumba ndikuimba mluzu.

Chimene anandiphunzitsa mosamala kwambiri chinali kugogoda. Pansi pakauma, umayenda chogwada ukugogoda phale lililonse ndi chigwiriro cha kolyere. Logwira bwino limayankha mwachidule. Limene kunsi kwake kulibe kanthu limalira ngati chikho chovundikira. Loterolo umalizula, ngakhale likuoneka bwino chotani, chifukwa tsiku lina lidzasweka pansi pa phazi la munthu.

Tinamaliza khonde ndi chipinda chochezera popanda vuto. Mzungu ankabwera masana, n'kuvula nsapato, n'kuyenda pa mapalewo ndi masokosi okha, uku akulankhula yekha m'chinenero chake. Kenaka tinalowa m'chipinda chakumapeto, chimene chinali choti adzagonemo donayo. Nyumbayo inali yaitali kuposa mmene inkaonekera kumsewu, ndipo chipinda chimenechi chinakafika pamene panali mvunguti uja. Omanga njerwa anali ataudula n'kuzula chitsa ife tisanabwere. Ndikusalaza dothi pangodya ya kuzambwe, khasu linatukula tizidutswa ta kamphika kakang'ono. Ndinawaonetsa atsibweni. Anati pa bwinja paliponse pamakhala miphika yosweka, ndipo ndinataya tizidutswato pawindo.

Unali mwezi wotentha, nyenje zikulira mpaka makutu kuwawa, malata akuthetheka pamwamba. Koma m'chipinda chimenecho ine ndinkamva kuzizira m'miyendo, kuyambira m'mawondo kukwera. Dzuwa likafika pamutu tulo tinkandigwira tolemera, tosiyana ndi ta kutopa, ngati munthu wakukoka pa mkono kuti ugone pambali pake. Ndipo nthawi zonse ndinkamva kuti kumanzere kwanga kwagwada munthu. Sindinaonepo kanthu, ndiponso sindinamvepo mawu. Kunali kumva kokha kumene umakhala nako munthu akakhala pafupi nawe pa mphasa, ngakhale utatsinzina. Tsiku lina ndinatambasula dzanja kupereka kolyere kumanzereko, ndikuganiza kuti atsibweni akuifuna. Kolyereyo inagwa pansi. Atsibweni anali pakhomo, akudula phale, ndipo anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Umapatsa yani, mphwanga?"

"Ndimayesa muli pano."

"Pita ukasambe kumaso."

Chodabwitsa n'chakuti sindinkachita mantha. M'mawa ndinkafulumira kufika, ndipo madzulo ndinkapeza chifukwa chotsalira, mwina kupukuta mapale opukuta kale. Kunyumba chakudya chinasiya kundikomera. Lamba wanga wa chingwe ndinamufupikitsa.

Pansi pataumapo tinagogoda. Chipinda chonse chinayankha bwino kupatula pangodya ija, pamene mapale angapo analira ngati zikho. Atsibweni anati masa yanga inali youma, ndipo tinazula n'kuyalanso. Inakana kachiwiri. Ulendo wachitatu anakanda okha masa, anayala okha, ine nditaima pakhomo. Patapita masiku anagwada n'kugogoda, ndipo ndinaona msana wawo ukuuma. Anagogodanso pang'onopang'ono, khutu lili pafupi ndi pansi.

"Ndi mizu ya mtengo uja," anatero. "Ikuwola, dothi likutsika. Kapena chiswe."

Sanandiyang'ane ponena zimenezo.

Masiku omwewo mzungu ananyamuka ulendo wa ku Beira kukachingamira mkazi wake pa sitima ya pamadzi. Anatiuza kuti pobwera apeze zonse zatha. Kantina anaisiya m'manja mwa mlonda wake, bambo wachikulire wa ku Nsadzo amene ankangokhala pakhonde akuluka mitanga.

Mayi anga anali asanapondepo pa bwinjalo chiyambire ntchito. Tsiku lina masana ndinawaona akubwera ndi kachikho ka thobwa ndi mbatata zophika m'mbale. Anati aona kuti ndikuwonda, ndiye afuna adzaone ngati ndimadya. Koma atazungulira kantina n'kuona kutalika kwa nyumbayo, anaima pansi pa mango, osasunthanso. Ine ndi atsibweni tinatuluka kukawalonjera.

"Alongo, chipinda chimene akugwiramo mwanayu ndi chiti?"

"Chakumapetocho. Lowani muone ntchito ya mwana wanu."

"Sindilowa. Mvunguti uja uli kuti?"

"Anadula omanga njerwa."

Mayi anayang'ana chulu, anayang'ana mango, n'kuyang'ananso chulu, ngati munthu woyeza malire a munda. Kenaka anatula mbale, n'kukhala pansi pa dothi, miyendo atatambasula monga amakhalira amayi pamaliro. Anandiuza kuti ndikhale pansi. Atsibweni anafuna kuchoka, koma mayi anati, "Khalani, alongo. Mbumbayi ndi yanu."

Anayamba atayang'ana zala zawo za kumapazi.

"Tsiku limene unabadwa iwe, munabadwa awiri. Iwe unayamba, unalira. Mnzako anatsatira, sanalire."

Anafotokoza pang'onopang'ono. Mwana wobadwa wakufa, amene kwathu timati mtayo, salira maliro, sapatsidwa dzina, sapita kumanda kwa akuluakulu. Amayi okhaokha amakamuika kumapeto kwa mudzi, m'dzenje losaya, ndipo amuna sauzidwa malo ake. Atsibweni anali ku Beira nthawi imeneyo. Bambo anga anauzidwa mawu amodzi okha ndipo sanafunsenso. Azamba anamuika pansi pa mvunguti, n'kuvundikira kamphika pamwamba. Ndipo poti tinali mapasa, anathyola chipatso cha mtengowo, chachitali ngati khanda, anachikulunga m'chidutswa cha nsalu imene anandifunditsa ine, n'kuchigoneka pambali pake, kuti aziyesa mnzake ali pomwepo, asadzandiitane.

"Chipatsocho chinawola kalekale," anatero mayi. "Wagona yekha zaka zonsezi osadziwa kuti ali yekha. Tsopano wamva mawondo ako pamwamba pake."

Nkhuku ya mlonda inabwera kudzajompha mbatata m'mbale muja, ndipo palibe anaiingitsa. Ine ndinkangoganiza za tizidutswa ta kamphika tija, ndi mmene tinalirira pogwera kuseri kwa windo.

"Mukanandiuza tisanayambe, mlongo wanga," anatero atsibweni.

"Mwanayu anandiuza kuti nyumba ili pafupi ndi msewu. Ndipo ndikanakuuzani, mukanamuchotsa pa ntchito, asipayu n'kumutenga. Ana a eni ake amene anapita ku msewu chaka chatha, abwerako onse?"

Atsibweni anatsokomola nthawi yaitali. Atapuma anati, "Ine ndinabatizidwa ku Beira. A padiri atamva angati ndi mizu yowola, ndipo mwina ndi mizu ndithu. Koma kaya mizu kaya chiyani, mwana wa mbumba yanga sangagone pansi pa kama wa mlendo."

Mwa amayi amene analipo tsiku la kubadwa kwanga, anatsala mmodzi yekha wamoyo, gogo wina wosaona bwino wa m'mudzi mwathu. Mayi anakamuuza, ndipo iye anasankha amayi ena awiri osiya kubereka oti akathandize kusamutsira mwanayo kudambo. Atsibweni anakakhala ndi mlonda uja pakhonde, akumuthandiza kung'amba nsungwi, n'kumufotokozera. Mlondayo anamvetsera osasiya kuluka. Pomaliza anati mawa m'mawa akufuna kukaona msampha wake kuphiri, ndipo sadziwa kuti abwerako nthawi yanji. Madzulo a tsikulo atsibweni anatsikira kumtsinje okha, kumene kunali mvunguti wina, kukathyola chipatso chatsopano, ndipo anandiletsa kuwatsatira. Chipatsocho sindinayenere kuchigwira kapena kuchiona. Mayi anandipempha malaya anga akale, n'kung'ambako mkono umodzi wokulungira chipatsocho.

M'mawa mwake tinazula mapale a pangodya paja, tinaswa masa youma ndi nyundo, tinachotsa dothi lothira la omanga. Titafika pa dothi lakuda lakale, atsibweni anandigwira dzanja. "Apa ndi pamene amuna amalekezera." Tinatuluka n'kukakhala kutsogolo kwa kantina, titayang'ana msewu.

Amayi analowera kukhomo la kuseri. Sindinawaone, koma ndinkamva zonse, poti nyumba yopanda katundu imakuza mawu. Ndinamva mapazi opanda nsapato pa mapale amene ndinayala ine. Ndinamva khasu likukanda pang'onopang'ono, kenaka linaleka, ndipo ndinadziwa kuti ayamba kufukula ndi manja. Gogo uja ankalankhula motsitsa, mawu amene amalankhula munthu ponyamula khanda logona kuti lisadzidzimuke. Panalibe kulira. Pa msewu panadutsa bambo wina pa njinga atamanga mbuzi kumbuyo, anatipatsa moni, ndipo atsibweni anayankha ngati tsiku lina lililonse.

Kenaka mapazi aja anatuluka, n'kudutsa kumbuyo kwathu kulowera kudambo. Mmodzi ankayenda mosiyana ndi anzake, mofupikitsa, monga amayendera munthu wonyamula lichero lodzaza, ndipo ndinadziwa kuti ndi mayi. Khosi langa linayamba kutembenuka lokha. Atsibweni anaika dzanja lawo lokhakhala pankhongo panga n'kuligwira mwamphamvu mpaka mapaziwo anazimiririka mu udzu. Chimene anapeza m'dzenjemo sindinauzidwe. Mwina linali dothi lokha.

Dzenjelo tinalidzaza ndi miyala ndi zidutswa za njerwa, n'kusinja ndi munsi mpaka unayamba kudumpha. Fumbi la tsiku limenelo linawalowa atsibweni m'chifuwa, ndipo m'mawa mwake sanathe kugwada. Anaona kuti mapale ozungulira agwedezeka ndi kusinja kuja, ndiye anati tizule chipinda chonse tiyambirenso. Anakhala pa kaishoti pakhomo, nivelu ili pamiyendo, n'kunena kuti, "Koka zingwe." Chimenecho ndicho chipinda choyamba chimene ndinayala ndekha kuyambira pakati mpaka kumakoma. Sanazule phale ndi limodzi lomwe. Nditathira simentu yamadzi m'mipata n'kupukuta ndi utuchi, zofiira ndi zoyera zinaoneka ngati nsalu yatsopano. Patauma ndinagogoda chipinda chonse, ndipo pangodya paja panayankha mwachidule ngati pena paliponse.

Ndinkayesa ndidzapepukidwa, koma sizinatero. M'chipindamo munayamba kutentha ngati m'zipinda zina. Tulo tija tinatha. Kumanzere kwanga kunalibenso munthu, ndipo apa m'pamene ndinadziwa kusungulumwa. Ndinakula ndekha osadziwa kuti ndili ndekha, monga ananenera mayi za mnzangayo. Tsopano ndinkati ndikamadya ndimaona kukula kwa mbale, ndikagona ndimaona kukula kwa mphasa. Poweruka ndinayamba kusiya njira ya pamlatho wa mitengo n'kumadzera kudambo. Sindinkafufuza malowo, kapena ndinkadziuza choncho. Ndinkangoyenda m'mphepete mwa bango, ndikumaima pamene dothi laoneka lofewa, mpaka dzuwa litapendeka.

Mayi anazindikira ndi matope a kumapazi kwanga. Dothi la pa bwinja ndi lofiira, la kudambo ndi lakuda. Anandiyang'ana mapazi masiku angapo. Kenaka tsiku lina anaitana atsibweni, amene tsopano ankayenda ndi ndodo, ndipo tinakhala atatu pansi pa nkhokwe.

"Alongo, mwanayu achoke. Awoloke Zambezi."

"Mwana wanu ndi mmodzi yemweyu. Adzakulimirani ndani?"

"Ndilima ndekha. Poyamba amene ankafunafuna anali uja. Tsopano ndi uyu. Ndinataya mmodzi, sinditaya awiri pa dambo limodzi."

Ndinayesa kukana. Ndinati ndisiya kudzera kudambo, ndinati ntchito ikatha ndikwatira, ndimanga nyumba, ndiiwala. Mayi anangopukusa mutu. Atsibweni anati ntchito ya mapale kwathu kuno yatha ndi nyumba imodzi yomweyi, ndipo mzungu akangotimasula asipayu adzandipeza. Ku Tete ankamanga nyumba zambiri za boma, ndipo iwo ankadziwana ndi kapitawo wina amene anagwira naye ntchito ku Beira. "Ukakafika ukangomuonetsa kolyere yangayi. Akaizindikira."

Mzungu anabwera ndi dona wake mitambo ya mvula yoyamba itayamba kusonkhana. Anali mayi wamng'ono thupi, wotuwa ndi ulendo, ndipo anayenda m'zipinda zonse atagwira chipewa m'manja. Atafika m'chipinda chakumapeto anawerama n'kusisita pansi ndi chikhatho, n'kunena mawu kwa mwamuna wake. Mzunguyo anatiuza kuti akuti pakufanana ndi kunyumba kwa mayi ake. Aka kanali koyamba kumuona akumwetulira. Sanadziwe chimene chinachitika m'nyumba mwake, ndipo mlonda sananene. Atsibweni atamupempha, anandipezera chitupa cha ulendo ku posito, n'kulola kuti ndikwere kamyau yake yopita ku Tete ndi chimanga.

Atsibweni anandigawira zida. Anandipatsa kolyere, nivelu, zingwe ndi nyundo yaing'ono, iwo n'kutsala ndi bokosi lopanda kanthu, limene anati likhala mpando. Sanathe kundiperekeza kumsewu. Tinatsanzikana pakhomo pawo, iwo atatsamira khoma, ndipo anandiuza kuti ndisamagwade pa simentu popanda chiguduli, ndingadzafanane nawo.

Mayi anandiperekeza, atasenza kamtolo kanga ngakhale ndinawaletsa. Sanafune kufika pa kantina, ndiye tinakadikira kamyau patsogolo pang'ono, pamene msewu umakhota. Tinakhala pa mwala. Iwo ankandiuza za ufa umene anandimangira, kuti ndisausiye pachinyezi, ndi za mwana wa msuweni wawo amene ankamveka kuti ali ku Tete komweko. Titamva kulira kwa injini patali, ndinafunsa chimene chinali pakhosi panga masiku onsewo.

"Mayi, anali mwamuna kapena mkazi?"

Anayang'ana kumene kunkachokera fumbi.

"Mkazi," anatero. "Ukanakhala ndi mlongo. Ana ake akanakutcha atsibweni."

Kamyau inaima, ndinakwera pamwamba pa matumba, ndipo mayi anandiponyera kamtolo kaja. Anabwerera nthawi yomweyo, osadikira kuti tinyamuke, akuyenda mofulumira ngati asiya chinthu pamoto.

Ulendowo unali wautali, wa fumbi ndi kukankha m'mitsinje ya mchenga. Zambezi ndinamuona koyamba dzuwa lili pamutu, wotambalala moti anthu a tsidya linalo ankaoneka ngati nyerere. Tinadikira pa gombe pamodzi ndi ng'ombe ndi amayi ogulitsa masau, mpaka batelau, chombo chija chowolotsa magalimoto, chinabwera kudzatitenga. Kapitawo uja ndinamupeza pa nyumba ina imene ankamanga pafupi ndi msika. Anatembenuza kolyere m'manja mwake, n'kufunsa ngati mwini wake akadali moyo. Ndinati inde. Anandipatsa ntchito ya m'bafa, mapale oyera a pakhoma amene ndinali ndisanawagwirepo, ndipo ndinayambanso kuphunzira ngati mwana.

Atsibweni anamwalira mvula ya chaka chomwecho isanathe. Uthenga unandipeza mochedwa, kudzera mwa woyendetsa kamyau, maliro ataikidwa kale. Mayi anakhala zaka zambiri, akulima okha monga ananenera. Ndinkawatumizira nsalu ndi mchere, ndipo nditakwatira ndinawaitana kuti adzakhale nafe, koma anakana. Anati kumudzi kuyenera kutsala munthu. Inenso sanandilole kupitako kukagona. Ndikafuna kuwaona tinkakumana ku Chifunde tsiku la msika, n'kukhala pansi pa mtengo kuseri kwa ogulitsa fodya, iwo akusewera ndi adzukulu awo, mpaka nthawi yoti ayambe ulendo wobwerera kusanade.